Holo Yokonzedwanso ndi ya Yani?

M'madera ozungulira mizinda ikuluikulu ya ku England muli maholo akale amene anamangidwa kuti anthu a m'deralo azikumaniramo. Ena mwa maholowa anasiyidwa kwa zaka zambiri mpaka madenga anayamba kudontha. Masiku ano ena akukonzedwanso n'kusanduka malo ochitira masewera olimbitsa thupi monga yoga, ndiponso ophunzirira ntchito zamanja monga kuumba mbiya ndi kusoka. Aliyense amakondwa kuona nyumba imene inali bwinja itaukanso. Komabe kawirikawiri kulowa m'holo yotere kumafuna ndalama zimene ena mwa oyandikana nayo sangazipeze. Funso la chimangirizo chino ndi ili: tikakonza makoma a holo, koma anthu amene holoyo inamangidwira n'kulephera kulowamo, kodi tinganene kuti taibwezeretsa?

Kuti timvetse bwino funsoli, tiyeni tione zimene zinachitika ku Peckham, dera la kum'mwera chakum'mawa kwa London. M'chaka cha 1926 madokotala awiri, George Scott Williamson ndi Innes Pearse, anayamba ntchito yofufuza chimene chimachititsa munthu kukhala wathanzi. Iwo ankaona kuti madokotala ambiri amadziwa za matenda koma sadziwa kwenikweni za thanzi. M'chaka cha 1935 anatsegula nyumba yaikulu yotchedwa Pioneer Health Centre, imene pulani yake anajambula ndi Owen Williams. Pakati pake panali dziwe losambiramo, ndipo munalinso malo a masewera, a zisudzo, odyera ndi osungirako ana.

Malamulo a nyumbayi anali ochititsa chidwi. Umembala unali wa banja lonse, osati wa munthu mmodzi, ndipo banjalo linkayenera kukhala loyandikira moti n'kufikako wapansi. Banja lililonse linkapereka sheleni imodzi pa sabata, ndipo kamodzi pa chaka linkapimidwa ndi madokotala. Mabanja pafupifupi 950 analowa nawo. Madokotalawo sankalamula anthu zochita. Mamembala ankadzikonzera okha magule ndi masewera. Nyumbayi inatsekedwa nkhondo itayamba mu 1939, inatsegulidwanso mu 1946, koma mu 1950 inatsekedwa kotheratu chifukwa ndalama zinasowa ndiponso sinagwirizane ndi dongosolo latsopano la zaumoyo la boma, National Health Service, limene linayamba mu 1948. Pambuyo pake munkaphunzira anthu akuluakulu, ndipo kenaka inagulitsidwa n'kukonzedwa kukhala nyumba zogonamo. Makoma ake ali chilili mpaka lero, koma khomo limatsegukira okhalamo okha.

Mlembi wakale wa ku Greece, Plutarch, anasimba za ngalawa ya Theseus imene anthu a ku Athens anaisunga kwa zaka zambiri. Thabwa likaola ankalichotsa n'kuikapo latsopano, mpaka anthu anzeru anayamba kutsutsana ngati inali ngalawa yomwe ija kapena ina. Nkhani ya holo ili ngati imeneyi, koma motembenuza. M'ngalawa munasintha matabwa. M'holo njerwa zimakhala zomwezo koma anthu ndiwo amasintha. Tsono ngati holo inamangidwa kuti ikhale pokumanira anthu a m'dera, umunthu wake uli m'kukumanako. Anthuwo akachoka, chotsala ndi chigoba chabe, ngakhale chitawala chotani.

Komabe tisafulumire kudzudzula amene amalipiritsa. Iwo ali ndi mfundo zomveka. Poyamba, nyumba imadya ndalama tsiku ndi tsiku: pamafunika magetsi, madzi, inshuwalansi, malipiro a woyang'anira, ndiponso kutenthetsa m'kati nthawi yachisanu, imene ku England imakhala yoopsa. Nkhani ya ku Peckham yomweyi ikutiphunzitsa kuti cholinga chabwino pachokha sichisunga khomo lili lotsegula. Chachiwiri, munthu amene waika chuma chake pokonza bwinje la eni ake limene iwo ankangoliyang'ana likugwa, ayenera kupezapo phindu. Chachitatu, chinthu chimene munthu wachiperekera kangachepe amachisamala kusiyana ndi chaulere. Ngakhale Williamson ndi Pearse sanapereke umembala waulere.

Choncho cholakwa si kulipira ayi. Nkhani yagona pa kusiyana kwa membala ndi kasitomala. Kasitomala amagula ola limodzi la yoga, napita kwawo, ndipo denga likadontha amangosamukira kwina. Membala amapereka podziwa kuti nyumbayo ndi yake, ali ndi mawu pa kayendetsedwe kake, ndipo denga likadontha amafunsa kuti makwerero ali kuti. Sheleni ya ku Peckham inkasandutsa banja kukhala membala. Mtengo wokwera umene angaukwanitse obwera pa galimoto okha umasandutsa oyandikana ndi holo kukhala alendo pakwawo pomwe.

Pali chifukwa chinanso. Malamulo a bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la World Health Organization, amene anayamba kugwira ntchito mu 1948, amafotokoza kuti thanzi si kungosowa matenda chabe, koma kukhala bwino m'thupi, m'maganizo ndi m'kukhalirana ndi ena. Ngati zili choncho, holo imene imati ndi malo a thanzi koma ikusiya kunja nkhalamba yosungulumwa ndi mnyamata wosowa ntchito a mumsewu womwewo, ikutsutsa mawu ake omwe. Amene akufunikira kwambiri malo okumanirana ndi anzawo ndi omwewo amene m'matumba mwawo muli mopepuka.

Nanga chilungamo chikufuna chiyani? Wokonza holo apeze phindu lake, koma akumbukire kuti walandira nyumba yokhala ndi ngongole kwa anthu a m'deralo. Ngongoleyo angaibweze poika mtengo wotsika kwa osowa, popatula masiku ena kuti holo ikhale ya misonkhano ndi maphwando a oyandikana nayo, ndiponso powapatsa mipando m'komiti. Nawonso anthu a m'deralo ali ndi udindo wawo. Lamulo la Localism Act la 2011 linapatsa anthu a ku England mwayi wolembetsa nyumba yotere ngati chuma cha dera lawo, kuti mwini akafuna kuigulitsa, iwo akhale ndi miyezi 6 yosonkhanitsa ndalama. Lamulolo silinakakamize mwiniyo kuwagulitsa, linangowapatsa mpata. Mpata wotere ndi wopanda pake kwa anthu ongopinda manja, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Pomaliza, tibwerere ku funso lathu lija. Kukonza makoma ndi ntchito yabwino, ndipo woichita ayenera kuyamikidwa. Koma ndi theka chabe la ntchito. Amene akufuna kudziwa ngati holo yabwezeretsedwadi asayang'ane penti kapena nyale zatsopano. Aime pakhomo madzulo, aone ngati mayi wokhala kuseri kwa holoyo akulowa ndi ana ake mosachita manyazi. Akamuona akulowa, ndiye kuti holo ija yaukadi.