Kodi Munthu Angadziwike Asanachite Kanthu?

Amayi anzanga mwa Ambuye, tiyeni tilingalire pamodzi funso ili: ngati akatswiri angathe kuneneratu zimene anthu adzachite, kodi ndiye kuti munthu aliyense wadziwika kale?

Kuyambira mu 2013 mpaka 2018 kunachitika kafukufuku wamkulu wa HIV wotchedwa PopART m'madera 21 a ku Zambia ndi ku South Africa. Kuno kwathu ntchitoyi inali m'manja mwa bungwe la Zambart, ndipo ena mwa maderawo anali Kanyama ndi Chawama ku Lusaka, kumene ambirife tili ndi abale. Alangizi ankayenda khomo ndi khomo kuyeza anthu magazi ndi kutumiza kuchipatala opezeka ndi kachilombo. Ntchito ili pachiyambi, akatswiri a masamu a ku Imperial College London anaika mu kompyuta zimene ankaganiza kuti anthu adzachita: angati adzavomera kuyezetsa, angati adzayamba ma ARV, angati adzalekera panjira. Masamuwo anaonetsa kuti m'madera olandira thandizo lonse, otenga kachilombo adzachepa ndi kuposa theka. Zotsatira zitatuluka mu 2019, kumeneko anachepa ndi 7 okha pa 100 aliwonse, pamene m'madera amene ankayembekezerako zochepa anachepa ndi 30 pa 100 aliwonse.

Kodi akatswiriwo ananama? Iyayi. Kuwerengeratu ndi nzeru. Inunso pamaliro mumayerekeza kuchuluka kwa anthu musanatereke madzi a nsima, ndipo nthawi zina ufa umachepa. Popanda masamu otere, boma silingadziwe mankhwala oyenera kugula.

Koma kuwerenga khamu n'kosiyana ndi kudziwa mtima wa munthu. Masamu anganene kuti pa amayi 100 ena adzasiya kumwa mankhwala, koma sangaloze chala kuti ndi uyu. Ife kuno ku Nangongwe timachita zimene masamu sachita. Timati, “Mwana wa msodzi uyu sadzafika Grade 12,” kapena, “Wamasiye uyu sachedwa kugwa.” Tikatero timasiya kumuyendera, aphunzitsi timasiya kuyang'ana kope lake, ndipo akagwadi timati tinanena. Kodi pamenepo tinalosera, kapena tinamukankha?

Wodziwa munthu kotheratu ndi Mulungu yekha. Pa Luka 22 timawerenga kuti Ambuye Yesu ananeneratu kuti Petro adzawakana. Onani zimene anachita ndi chidziwitso chimenecho: anamupempherera, ndipo pa Yohane 21 anamubwezera pa ntchito yoweta nkhosa. Ngati wodziwa zonse sanamutaye Petro, ife ongoyerekeza tingataye bwanji mnzathu?

Choncho ofufuza akagogoda pakhomo panu, alandireni, afunseni mafunso, ndipo dziwani kuti muli ndi ufulu wovomera, wokana, ngakhale wosiya mutayamba kale. Ndipo mayi wa m'Chigwirizano akadumpha tsiku lake lakuchipatala, musati “tinadziwa”. Valani chitenje, mupite mukamuone.

Ambuye akudalitseni nonse.