MFUTI YOYAMBA YA PA LEXINGTON: MLANDU NGWA YANI?

Anyamata awiri akamenyana kudambo, nafika kwa akulu wina alikukha mwazi m'mphuno, funso loyamba limakhala lakuti, "Anayamba ndani?" Funso lomweli limamveka pabwalo la mfumu, ndiponso pakati pa mitundu ya anthu itatha nkhondo. Liri funso loyenera, pakuti woputa mnzace ndi wodziteteza sali ofanana. Koma kodi mlandu wonse wa mwazi ungasenzedwe ndi munthu mmodzi yekha, amene cala cace cinayamba kuliza mfuti? Mbiri ya ku America ithandiza polingalira za ici.

Usiku wa pa 18 April 1775, kazembe Thomas Gage, amene analinso Bwanamkubwa wa dziko la Massachusetts, anaturutsa asilikari a Mfumu George III okwanira ngati 700 m'mzinda wa Boston. Anawatuma ku mudzi wa Concord kukaononga onga ndi zida zimene nzika za dzikolo zinasunga kumeneko. Usiku womwewo Paul Revere ndi William Dawes anathamanga pa akavalo kukacenjeza midzi. M'bandakuca pa 19 April gulu lotsogola, lolamulidwa ndi John Pitcairn, linafika pa Lexington, nilipeza amuna osafika 80 ataima pabwalo ndi mfuti zao, mtsogoleri wao ndiye John Parker. Pitcairn anawalamula kuti abalalike. Parker nayenso, poona kuculuka kwa asilikari, anauza anthu ace kuti acoke. Alikucoka cotero, mfuti inalira. Asilikari anaombera, ndipo utsi utatha anthu 8 a dzikolo anapezeka akufa, ndi ena 10 olasidwa. Anamenyananso pa mlatho wa ku Concord, ndi m'njira monse pobwerera ku Boston. Polowa dzuwa Angelezi 73 anali atafa, ndi a ku America 49. Nkhondo imene inayamba m'mawa umenewo inatha ndi pangano la mtendere la ku Paris m'caka ca 1783.

Cozizwitsa ndi cimene mbali zonse ziwiri zinacita pambuyo pace. Akulu a ku Massachusetts anasonkhanitsa mboni msanga, nazilumbiritsa, ndipo zinanena kuti asilikari a Mfumu ndiwo anayamba. Maumboniwo anawatumiza pa ngalawa yaliwiro, nafika ku London kalata ya Gage isanafike. Gage ndi akapitao ace ananenetsa kuti anayamba ndi eni dziko. Panalibe mbali imene inadzitama kuti inaombera poyamba, cinkana onse anali amuna olimba mtima. Apa paoneka kuti cikumbumtima ca munthu cidziwa ndithu kuti mwazi wokhetsedwa uli ndi mlandu, ndi kuti mlanduwo ufuna mwini wace.

Komatu mfuti ija siinalira m'dziko la mtendere. M'caka ca 1765 Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika msonkho pa makalata ndi mapepala a anthu a ku America, pamene iwo analibe wowaimira m'nyumbamo. M'caka ca 1770 asilikari anaombera khamu la anthu mu Boston, nafa 5. M'caka ca 1773 anthu a mumzindawo anataya mabokosi 342 a tiyi m'nyanja, ndipo caka cotsatira boma linawalanga potseka doko lao, olakwa ndi osalakwa nasauka pamodzi. Pa 22 March 1775, utatsala mwezi wosakwanira kuti mwazi ukhetsedwe, Edmund Burke anadandaulira Nyumba ya Malamulo kuti iyanjane ndi anthuwo, koma mau ace anakanidwa. Tsono udzu unali utauma zaka 10, ndipo aliyense anaonjezapo mtolo wace. Akulu amati, "Walira mvula walira matope." Iye wotuma amuna 700 usiku ndi mfuti zodzaza, ndi iye woimika anansi ace panjira pao ndi mfuti zodzazanso, sangathe kunena kuti imfa inawadzidzimutsa.

Wina angatsutse nati: Ngati onse ali ndi mlandu, ndiye kuti palibe wopalamula, ndiponso kodi anthu okhometsedwa msonkho popanda mau ao sanali ndi cifukwa coona? Kutsutsa kumeneku nkolemera, ndipo kuyenera kuyankhidwa pawiri. Poyamba, cilungamo ca dandaulo ndi mlandu wa mwazi iri milandu iwiri. Dandaulo la a ku America linali lomveka. Koma munthu angakhale wolungama pa cimene afuna, nakhala wolakwa pa njira imene afunira. Kaciwiri, mlandu suli ngati nsima, imene icepa pamene akudya aculuka. Munthu aliyense asenza wace wathunthu, monga mwa mphamvu ndi nthawi zimene anapatsidwa. Woomba mfuti yoyamba sali womasuka, pakuti cala cinali cace. Koma iye anali ndi kamphindi kokha, ali ndi mantha, m'cisisira ca m'mawa, pakati pa phokoso. Nduna za Mfumu zinali ndi zaka 10, zitakhala pa mipando m'nyumba zabata, ndi mphamvu yakucotsa lamulo lowawa ndi colembera cokha. Kwa amene anali ndi nthawi yambiri ndi mphamvu yambiri, mlandu ukula koposa.

Ciyenera kukumbukika kuti pa tsiku lija ambiri a ku America anali asanafune kudzipatula kwa Mfumu. M'mwezi wa July 1775 msonkhano wao wa ku Philadelphia unalemberabe Mfumu George III kalata yopempha ciyanjano; iye anakana kuilandira, ndipo mu August anawalengeza kuti ali opanduka. Ufulu wodzilamulira anaulengeza pa 4 July 1776, patapita caka ndi miyezi iwiri. Cimene msonkho sunathe kucita, manda anacicita. Pakuti madzi akatayika saoleka, ndipo mkazi wamasiye samvanso mau a ciyanjano monga akadawamvera mwamuna wace ali moyo.

Cifukwa cace woweruza wanzeru, atafunsa kuti anayamba ndani, afunsenso kuti, "Ndani akadatha kuletsa izi, ndipo anali kuti?" Funso ili likhudza mfumu imene yacedwetsa mlandu wa malire a munda kufikira nkhwangwa zitaturuka, ndi nkhoswe imene yamva madandaulo a m'banja zaka zambiri niingokhala cete. Iwo sadzaoneka pabwalo tsiku la mwazi, ndipo mboni sizidzawachula maina; koma dandaulo linafika kwa iwo likali la pakamwa, pamene kulimva kukadakwanira.