Kodi Mlendo Asanduka Liti Mwini Munda?

Makolo athu anati mlendo ndi mame. Cifukwa cace sitimana mlendo nsima. Akafuna kukhalitsa, mfumu imuloza tsala nimuuza kuti, "Limani apa, mudye ndi ana anu." Mwambo umenewu tiudziwa tonse kuno ku Domwe. Koma alipo alendo ena amene sanakamuke ngati mame. Anafika ndi njala, analandira cimanga, pambuyo pace anatenga ndi munda womwe. Kodi amene anawalandira aja analakwa?

Tiyambe ndi nkhani ya ku Magomero, m'dziko la Malawi, pakati pa Zomba ndi Chiradzulu. M'caka ca 1861 kagulu ka Angelezi kanakwera mtsinje wa Shire pamodzi ndi David Livingstone. Mtsogoleri wao anali Bishopu Charles Mackenzie. Anafuna kumanga mudzi wa Cikristu ndi kuletsa malonda a akapolo. Atafika kwa Mbame anamasula akapolo 84. Mfumu ya Amang'anja, dzina lace Chigunda, inawapatsa malo pa Magomero, pamene mtsinje wa Namadzi ukhota. Chigunda sanacite izi cifukwa ca cifundo cokha ai. Ayao anali kumthira nkhondo, ndipo iye anali ataona mfuti za alendowo.

Alendowa sanalidziwe dziko. Anamanga pa malo otsika. Anthu anacuruka, madzi anaipa, kamwazi nayamba kupha ana. Analowa m'nkhondo ya eni dziko, natentha midzi ya Ayao. Cakudya anagula kwa anansi ao posinthitsa ndi nsaru. Pa 31 Januwale 1862 Mackenzie anafa ndi malungo pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire, pakuti bwato linagubuduzika ndipo mankhwala anapita ndi madzi. Otsala anatsikira kwa Chibisa, kumene njala yoopsa inawapeza. Bishopu watsopano, William Tozer, anawasamutsira ku phiri la Morrumbala m'dziko lathu lino, ndipo mu 1864 anapita ku Zanzibar. Awa ndiwo anali mame. Anasiya manda okha.

Koma si paliponse pamene zinatha cotero. Zaka zoposa 250 izi zisanacitike, Angelezi ena anaoloka nyanja kunka ku America. Mu 1607 amuna ndi anyamata 104 anamanga mudzi wochedwa Jamestown, m'dera la Virginia. Anatumidwa ndi kampani ya ku London imene inayembekeza golidi. Nawonso anamanga pa dambo, namwa madzi a mcere. Ambiri sanadziwe kugwira khasu. Anakhala ndi moyo cifukwa ca cimanga ca eni dziko, anthu a mfumu Powhatan. Cimanga citacepa, alendo anayamba kucitenga ndi mfuti, eni dziko nawatsekera m'linga mwao. M'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 anadya akavalo, agaru ndi makoswe, ena mpaka mitembo. Anatsala 60 okha. Anakwera zombo kuti abwerere kwao, koma pa mtsinje anakumana ndi anzao obwera ndi cakudya, ndipo anabwerera ku mudzi uja.

Cimene cinapulumutsa Jamestown ndi mbeu imene ticidziwa bwino kuno ku Angónia: fodya. John Rolfe anayamba kumlima mu 1612, ndipo ku England anamgula. Ife olima fodya tidziwa cimene iye afuna. Afuna nthaka yatsopano, pakuti agugitsa munda msanga. Afunanso manja ambiri. Nthaka anailanda kwa anthu a Powhatan. Manja anawapeza kwa amphawi a kwao, kenaka kwa akapolo. Mu 1619 anafika anthu akuda oposa 20, ogwidwa ku Angola, amene analandidwa m'combo ca Apwitikizi. Mu 1622 eni dziko anaukira napha alendo 347, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Zombo zinabwerabe, minda ya fodya ninka nikula.

Tsono taonani. Pa Magomero ndi pa Jamestown panali njala, matenda ndi kudalira nkhokwe za eni dziko. Kusiyana kwace kunali kwakuti ku Jamestown nthaka inayamba kubala ndalama. Mlendo wofuna nsima amakhuta. Wofuna phindu alibe pokhutira.

Tsiku lotere linafikanso pa Magomero. Mu 1891 Britain anatenga dziko lija, ndipo bwanamkubwa Harry Johnston anayamba kupatsa azungu makalata otsimikiza kuti malo ndi ao. Mafumu ambiri anali atalandira nsaru, mfuti ndi onga, naika mtanda pa pepala limene sanathe kuwerenga. Magomero anagwera m'manja mwa banja la Alexander Low Bruce wa ku Scotland, mkamwini wa Livingstone. Anali maekala oposa 150,000. Analima thonje ndi fodya. Anchito ambiri anali Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi kuno ku Mozambique. Pa malo amene anamangapo nyumba analipira ndi nchito yochedwa thangata. Mau amenewa kale anali abwino: kuthangata mnzako ndiko kumthandiza kumunda, iye naphika mowa. Pa esiteti anasanduka goli. Pa 23 Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo. Zidzukulu za olandira alendo zinali zitasanduka alendo.

Nanga Chigunda analakwa? Nanga Powhatan? Ife titi iai. Kudyetsa wanjala si mlandu. Mudzi umene uyamba kufunsa mlendo aliyense kuti, "Kodi mawa udzatilanda?" usanampatse madzi akumwa, wataya kale cinthu coposa munda. Ndiponso mafumuwa sanali ana. Anali ndi adani ao, nayesa kugwiritsa nchito mfuti za alendo. Pamenepo tingawadzudzule pang'ono, pakuti woitana mkango kuti upirikitse nguruwe m'munda ayenera kuganiza za mbuzi zace. Koma mlandu waukuru uli pa mau amodzi, kupatsa. Mfumu ikati "ndakupatsa munda," itanthauza kuti lima, udye, ukacoka munda ubwerera ku mudzi. Mzungu anamva kuti munda ndi wace mpaka muyaya, ndipo angathe kuugulitsa pamodzi ndi manda ali m'menemo. Ena a iwo anadziwa bwino kuti mfumu sitanthauza zimenezo, koma anakhala cete.

Tisaloze Angelezi okha. Angoni a Maseko anafika pa phiri lathu la Domwe ca m'ma 1870, napeza Acewa ndi Antumba. Sanapemphe malo. Anabwera ndi mkondo ndi cishango, ndipo anthu ambiri anathawira m'mapiri, ena nagwidwa. Zimenezi sitizibisa. Lero palibe anganene kuti Mngoni ndi mlendo pa Domwe. Cinamsandutsa mwini n'ciani? Si nkhondo ija. Angoni anakwatira kuno, ana ao analankhula cinenero ca amai ao, mpaka Cingoni cinatsala m'nyimbo za ngoma. Cilala cikagwa, cinagwera onse. Mwini esiteti ya Magomero phindu lace linapita kutsidya kwa nyanja, ndipo njala ya anchito ace siinamkhudze m'mimba. Komabe agogo amene anagona m'mapanga masiku aja akadauka, akadatiuza kuti ubale umenewu unagulidwa ndi mtengo wowawa.

Nkhaniyi siinathe. Mu 1891 omwewo Angelezi ndi Apwitikizi anadula malire pakati pa dziko la Angoni, abale ena natsala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Atsamunda Acipwitikizi anatenga minda yabwino ya Angónia. Atacoka mu 1975, yambiri inapita ku munda wa boma wa CAIA, osati kwa eni ace akale. Lamulo la nthaka la 1997 linena kuti nthaka ndi ya boma ndipo siigulitsidwa. Linenanso kuti anthu amene akhala pa malo monga mwa mwambo ali nao ufulu pa malowo ngakhale alibe kalata, ndipo umboni wa pakamwa wa amuna ndi akazi a m'mudzi ndi wokwanira. Kampani ikafuna malo, ayenera kuyamba afunsa mudzi. Zimene mwagwirizana zilembedwa pa pepala, ndipo anthu a m'mudzi momwemo asaina m'munsi mwace. Pepalalo limalembedwa m'Cipwitikizi.