Chikomekome cha Mkuyu

"Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere." Mwambi umenewu umagwirizana kwambiri ndi The Murder of Roger Ackroyd, buku limene Agatha Christie anatulutsa mu 1926. Nkhani yonse ya m'mudzi wa King's Abbot timaimva kwa Dr James Sheppard, dokotala wofatsa amene anthu amamuuza zakukhosi, mpaka katswiri wofufuza milandu Hercule Poirot kumutenga kuti azimuthandiza pofufuza za kuphedwa kwa Roger Ackroyd. Kumapeto n'kupezeka kuti amene anabaya Ackroyd ndi Sheppard yemweyo. Ankafuna kubisa zoti ankadyera ndalama Mayi Ferrars powaopseza kuti aulula zoti anapha amuna awo ndi poizoni.

Ena amadandaula kuti Christie anawapusitsa. Ine ndikukana kwamtuwagalu. Sheppard satinamiza polemba. Amangolumpha mphindi 10 zimene anali awiriwiri ndi Ackroyd m'chipinda, n'kupitiriza nkhani ngati palibe chachitika. Zizindikiro monga mpando umene unasunthidwa m'chipindamo ndi lamya imene inaimbidwa usikuwo zinali poyera kuyambira pachiyambi. Chimatiphimba m'maso ndi ulemu umene timapereka kwa madokotala, komanso chizolowezi chathu chosakayikira munthu amene akutifotokozera nkhani.