Kafunso ka ku Molapo

 Kuno ku Joni kunja kukadali kamdima, koma mataxi ayamba kale kuliza mahutala.

Ku Molapo, mu Soweto, kuli koleji ya ntchito zamanja. Taganizirani mtsikana atavala ovolosi, waya wamagetsi ali m'manja. Aphunzitsi akuti, "Lumikiza apa." Iye waima kaye.

"Chifukwa chiyani apa, aphunzitsi?"

Kafunso kakang'ono. Komatu mu 1953, lamulo la Bantu Education linkafuna kuti mwana wakuda aphunzire kutumikira basi, asamafunse.

Lero mtsikanayu wafunsa. Aphunzitsi amwetulira, atola choko.

Pamene mukulongedza zipangizo zanu m'mawa uno, kafunso kameneka kalowenso m'chikwamamo. Imwani tiyi, asazizire.