Ngongole ya wophunzira amene wapita ku Chilwa

Funso la sabata ino likuoneka ngati la anthu a kuyunivesite, koma likukhudza aliyense amene amati akuphunzira kuti atumikire anzake. Munthu akapeza nzeru kuchokera pa mavuto a anthu ena, kodi amakhala ndi ngongole kwa anthuwo?

Titenge chitsanzo cha nyanja ya Chilwa. Ophunzira za chilengedwe ndi kusintha kwa nyengo, makamaka a ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, amapita kumeneko kuti akaone ndi maso zimene amawerenga m'mabuku. Sizinayambe lero. Yunivesiteyi idayamba kufufuza za nyanjayi m'zaka za m'ma 1960. Chilwa ndi malo abwino ophunzirirapo chifukwa sabisa kanthu. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi. Amangouma ndi dzuwa. Nyanjayi ndi yosaya, moti mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, imaphwa. Idauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adatsala pa matope ong'aluka.

Ophunzira akafika, amayeza kuya kwa madzi, amatunga ena m'mabotolo kuti akaone kuchuluka kwa mchere, amawerenga mbalame m'madambo a njedza, amayeza matemba ndi makumba pa doko la Kachulu. Kenako amatenga mapepala a mafunso n'kulowa m'midzi.

Ubwino wa maulendowa sindiukayika. Wophunzira amene waponda matope amenewo amamvetsa kuti mtengo wodulidwa m'phiri la Zomba ndi munda wolimidwa m'mphepete mwa Likangala zimathera m'nyanja ngati dothi lokokoloka. Zimenezi pa bolodi zimakhala muvi wolumikiza mabokosi awiri. Ku Kachulu zimakhala bwato lokanika kufika pa doko.

Koma taganizirani za mayi woyanika matemba amene waimitsidwa kuti ayankhe mafunso. Amasiya thandala lake kwa ola lathunthu. Amafunsidwa kuti banja lake limadya kangati pa tsiku, adagulitsa chiyani nyanja itauma, ana angati adasiya sukulu. Izi ndi nkhani zimene ngakhale kwa m'bale wako suzinena msanga. Iye amayankha, chifukwa kwathu kuno mlendo sitimubweza. Madzulo basi imanyamuka. Mayankho aja amasanduka manambala, manambala amasanduka lipoti la m'Chingerezi, lipoti limasanduka digiri. Chaka chamawa kumabwera ena ndi mafunso omwewo.

Wina anganene kuti palibe cholakwika apa, popeza nzeru zikasonkhanitsidwa zimadzathandiza dziko lonse, kuphatikizapo mayi uja. Anganenenso kuti wophunzirayo naye ndi mwana wosauka, wodalira ngongole ya boma, amene alibe ndi ndalama yobwererera kunyanja. Zonsezi n'zoona, ndipo tisazipeputse. Ndivomerezanso kuti kulipira anthu oyankha mafunso sikuthetsa nkhani. Munthu akadziwa kuti yankho lili ndi mtengo, amayamba kunena zimene akuganiza kuti zibweretsa thandizo, ndipo choonadi chimene wophunzira adapitira chimasowa.

Ndiye ngati ngongole ilipo, si ya ndalama. Ine ndikuiona poyamba pa kuvomereza kuti nzeru zidalipo kale wophunzira asanafike. Chilwa akauma, nsomba zotsala zimabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'madambo, ndipo madzi akabwerera ndi zomwezo zimene zimadzazanso nyanja. Asodzi achikulire izi sadaziwerenge m'buku. Mu 1995, mafumu ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa mitsinje, mogwirizana ndi a zausodzi, adateteza maiwe amenewa kuti anthu asaphe nsomba zotsalazo ndi katupe. Anthu anjala adalondera chakudya chimene akadatha kudya tsiku lomwelo. Wophunzira amene wakumana ndi anthu otere n'kuwalemba ngati "oyankha mafunso" chabe, waphonya phunziro lalikulu la ulendo wake. Amene wakuphunzitsa ndi mphunzitsi wako, kaya adalekeza Sitandade 3.

Ngongole inanso ndi kubweza zimene wapeza, pamaso pa eni ake ndi m'chilankhulo chawo. Si zosatheka. Pulojekiti yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kulimbana ndi kusintha kwa nyengo, imene idayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, idafikitsa kwa magulu a amayi timanyumba ta pulasitiki toumitsira nsomba ndi dzuwa. Nsomba zimauma mwaukhondo, sizionongeka ndi mvula, ndipo sizifuna nkhuni. Wophunzira mmodzi sangachite zazikulu chotero. Koma kalasi yonse ingathe kupatula tsiku limodzi, kukhala pansi ndi komiti ya pa doko, n'kunena kuti tidapeza zakutizakuti, inu mukuziona bwanji?

Povuta penipeni ndi pamene zimene wapezazo sizikoma kumva. Wayeza nsomba, waona kuti zambiri zikugwidwa zisanaswane, ndipo wauona yekha ukonde wa udzudzu ukukokedwa m'madzi. Amene akukoka ndi bambo yemwe adamupatsa mpando ndi nsima. Akhale chete pofuna kubweza ulemu? Kumeneko n'kumunamiza bamboyo, chifukwa nyanja ikatha nsomba woyamba kulira ndi iye. Alembe molimba kuti boma lilande maukonde ndi kutseka nyanja nthawi yoswana? Kulemba n'kosavuta kwa munthu amene sadzagona ndi njala miyezi yotsekayo. Chimodzimodzi ndi mbalame. Chilwa adakhala dambo loyamba m'Malawi kulembedwa pa pangano la Ramsar, makamaka chifukwa cha mbalame za m'madzi. Koma nsomba zikasowa, mbalame zomwezo ndiye ndiwo ndi ndalama ya mabanja ambiri.

Makolo adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera amaona zimene eni mudzi adazolowera. Koma kalumo kamameta bwino ngati wometedwayo wavomera ndipo wakhala pansi. Maganizo anga ndi akuti wophunzira anene zoona zonse, koma azinene kwa bambo uja asanazilembere ofesi, ndipo mu lipoti lake, pambali pa utali wa matemba, alembenso zimene bamboyo adayankha atafunsidwa kuti ana ake adzadya chiyani mu Januwale.