Mbira zikayamba kulumana

Pomwe madzi a tiyi akuwira tikambeko za mbira zathu za m'khitchini.

Zimachitika kuti mbira ziwiri zamphongo, zokulira limodzi, tsiku lina zimangodana. Mumva mano akugogoda, ubweya wa pakhosi utaimirira. Nthawi zambiri ndi kukula basi: zikafika miyezi 3 kapena 4, iliyonse imafuna ufumu, makamaka ikamva fungo la yaikazi. Kuthamangitsana ndi kukwerana kusakudetseni nkhawa, zimamvana zokha. Koma magazi akaoneka, zilekanitseni ndi thabwa kapena nsalu, osati dzanja, pakuti mbira yolusa sidziwa mwini wake.

Muiyang'anenso bwino yolusayo, mwina ikumva ululu. Thupi la mbira silipanga lokha vitamini C, ndipo ikasowa masamba aawisi m'chilimwe mfundo zake zimawawa, nkhanza n'kuyamba. Ipatseni kholowa ndi udzu wambiri.

Podyera pakhale pawiri, pobisala pawirinso. Pakati ikanipo waya, zizinunkhizana masiku angapo musanazibwezere pamodzi. Zina sizigwirizananso, zimenezo zisiyeni, iliyonse mbali yake.